Chizungu Chakale m'Tchalitchi cha ku Mhuju

Mukadzandiona ndikuwerenga buku pafupi ndi chigayo pamsika wa Mhuju, musadabwe. M'tchalitchi ndidayesamo kale, ndipo sizidathe bwino.

Ndine mphunzitsi wochokera ku Dedza, ndipo ndimachita maphunziro a ku yunivesite ndili kunyumba. Chaka chatha adatipatsa sewero la Chizungu chakalekale, chija ngakhale eni ake amachiwerenga akutuluka thukuta. Akuti olembawo ankachita kulimbitsa dala (Ambuye awakhululukire). Mphunzitsi wathu wa ku yunivesite adati sichimveka ndi maso, koma ukachiwerenga mokweza.

Kunyumba ana ankandiseka, choncho Lachinayi lina masana ndidalowa m'tchalitchi mwathu, poti makiyi ndimasunga ndine. Nkhungu yochokera ku Nyika idali itatsika, mawindo ali mbuu. Gawo la tsikulo lidali la munthu woitana mzimu wa mbale wake wakufa. Mtima udandikumbutsa za mfumu ija ya m'Malemba yomwe idakadzutsa mneneri kumanda, koma ndidadziyankha kuti awa ndi mayeso chabe.

Ndidayamba motsitsa. Kenaka zidandikoma, ndidakweza mawu, dzanja m'mwamba, n'kuitana wakufayo kuti adzuke.

Padamveka kubuula.

Ndidati ndi mphepo. Ndidabwereza mzerewo. Kubuula kudakula, kenaka china chake chidagogoda pansi pa guwa, pang'onopang'ono, ngati munthu wopempha kuti amutsegulire. Ndidafuna kunena salimo, koma m'kamwa mudangotuluka Chizungu chomwecho. Pamenepo kuseri kwa mabenchi kudadzuka chinthu choyera, chikuyenda chogwada.

Buku ndidaliponya, n'kuliyatsa liwiro. Nsapato imodzi adakanditolera mawa lake.

Chinthucho chidali mayi NyaGondwe, a Umanyano, bungwe la amayi apampingo, atavala bulauzi ndi duku loyera. Adatsalira anzawo atapita, akupemphera chogona pansi. Lamlungu lake tidakhala pamaso pa akulu ampingo.

“Asambizgi,” adatero mayiwo, kundiitana monga amaitanira mphunzitsi kuno, “Chizungu timachimva pawailesi. Chanu chija si cha anthu amoyo. Ndidati mzimu wa vimbuza wawagwira, ndiye ndimadzudzula mzimuwo.”

“Ndi sukulu, mama.”

“Sukulu yoitana akufa m'nyumba ya Chiuta?”

Akulu adandilanda makiyi, n'kundiimitsa kuwerenga Mawu Lamlungu mpaka nyengo yokolola, ntchito yomwe ndimaikonda koposa. Ndidavomera, pakuti woweruza wam'kati, chikumbumtima changa, adali atandiuza kale.

Potuluka ndidawapepesa mayiwo, n'kuseka kuti kugogoda kwawo kuja kudatsala pang'ono kundipha.

Mayiwo adati, “Kubuula ndimabuula ine. Kugogoda ndimayesa ndinu.”

Mayeso ndidakhoza. Za kugogodako ena amati ndi makoswe, ndipo ndimavomera mwamsanga. Koma chaka chino atipatsanso sewero lina la mizukwa, ndiye ndimawerengera pachigayo, pomwe ngakhale wina atayankha sindingamumve.