Mlongoti Sugwetsedwa

Lolemba

Chingwe cha thanga chakanirira pansonga pa mlongoti. Chachoka pa kagudumu kake n'kudzipanikiza m'mbali. Kukoka, sichitsika. Kugwedeza, sichimva.

Pa dooko lathu lino la nyanja ya Amaramba, kuno ku Mozambique, boti langa ndi loyamba kukhala ndi mlongoti weniweni. Enawa amangopalasa ndi nkhafi, pena kukankha ndi nsungwi, thukuta kamukamu.

Mtengowo ndi bulugamu wa a Mjomba, amalume awo a mayi a Fatima, eni mbumba imene ndinakwatirako. Anandibwereka nkhope ili gwaa. Lero afika, ayang'ana kumwamba, akuti: "Akamwini, likakwana Lamulungu thanga lisanakwere, mtengo wanga ndidzatenga. Khola la mbuzi likudikira."

Khola la mbuzi! Mtengo wowongoka chonchi!

Asodzi onse mawu ndi amodzi: "Ingougwetsani pansi, mukonze, muuimikenso." Nzeru za anthu osayenda. Ine ndinakhalako ku Nacala miyezi inayi. Kumeneko mlongoti sugwetsedwa, munthu ndiye amakwera. N'zoona kuti ntchito yanga inali yosenza matumba a mchere, koma maso ndinali nawo. Komanso mlongotiwu ndinaukhomerera kuboti ndi misomali yonse imene ndinasungira chitseko, ndiye nkhani yougwetsa isandipweteketse mutu.

Mwayi wake, ndinaikiratu chingwe china chodutsa m'mphete yachitsulo pansongapo, chokwezera munthu. Kuona patali kumeneko.

Malamulo anga:
1. Dzanja limodzi lisachoke pamtengo.
2. Chida chilichonse chimangidwe ndi chingwe.
3. Osayang'ana pansi.
4. Osamvera anthu a pansi.

Mawa ikatha nthawi ya kadzutsa ntchito idzakhala itatha.

Lachiwiri

Sindikufuna wondikoka. Ndikwera ndekha, opanda nsapato, monga amachitira othyola kokonati kunyanja yamchere. Kukumbatira, kukankha ndi mapazi, kukumbatiranso.

Chimodzi chokha ndaiwala. Mwezi watha mtengowu ndinaupaka oyilo wakuda wa kuchigayo kuti usafumbwe. Ndinapaka bwino, kawiri, chifukwa ine sindigwira ntchito yachinyengo.

Ndikwera kufika pamene pangalekeze mutu wa munthu. Ndikutsika ndekha, pang'onopang'ono, nditaukumbatirabe. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu ndikutsika mwaliwiro.

Amayi ochapa pa dooko asiya kuchapa. Wina akufuula: "Paja amati mkamwini ndi mlamba!" Anzake onse pamodzi: "Sachedwa kuterereka!" Phwete ponseponse.

Mayi a Fatima ali pomwepo. Mkazi wanga, wa zaka khumi ndi ziwiri m'banja. Awerama ngati akutsukuluza zovala, koma mapewa akugwedezeka. Ndawaona. Ndalemba.

Zowonongeka lero:
malaya oyera a kutchalitchi,
khungu la m'ntchafu zonse ziwiri,
ulemu.

Masana onse ndikukwecha mtengo ndi mchenga ndi phulusa mpaka pamene dzanja likufika. Kumtundako kukunyezimirabe.

Lachitatu

Njira ya ku Nacala yeniyeni tsopano: munthu amakhala pa kathabwa, anzake n'kumukoka. Kathabwa ndachotsa pa kampando ka kukhitchini. Mayi a Fatima adzadziwa madzulo.

Wokoka ndi alamu anga, Che Yusufu, achimwene awo a mayi a Fatima. Mphamvu ngati ng'ombe yapangolo, mtima wabwino, ulemu wopitirira muyezo. Ndawalongosolera katatu: "Alamu, chingwechi ndi moyo wanga. Chilichonse chichitike, osachitaya." Akuti: "Musade nkhawa, alamu."

Ndikukwera! Mapazi m'malere, kamphepo kayaziyazi. Ndafika pakati. Amayi a dzulo aja ali chete. Ayang'ane bwino.

Kenaka a Mjomba atulukira m'bango ndi ndodo yawo, afika m'mphepete mwa boti, apereka salamu, atambasula dzanja.

Che Yusufu alandira ndi manja awiri.

Manja awiri! Ine ndili kumwamba!

Ndagwera pa thanga lopindidwa, apo ayi bwenzi akulemba bukuli ndi ena. Kathabwa kathyoka pakati. Nyenyezi ndaziona dzuwa likuswa mtengo.

Che Yusufu: "Pepani alamu, nanga a Mjomba ndikanawapatsa dzanja limodzi ngati ndikupatsa mnzanga wa bawo?"

A Mjomba: "Mwana ameneyu analeredwa bwino."

Palibe wafunsa za msana wanga. Ndakwiya mpaka chakudya chamasana ndakana, kenaka ndadya chifukwa zinali nsomba za makumba zootcha, koma ndadya mokwiya.

Lamulo 5: Pa nthawi ya ntchito, akuluakulu azipatsidwa moni wapakamwa.

Za kampando kaja adziwa.

Lachinayi

Lero ndakonzeka ngati msilikali:
kathabwa katsopano ka mlombwa;
kapasete, chisoti cholimba chija, wobwereka kwa mnyamata wa njinga yamoto, wonunkha thukuta la anthu onse a ku Insaca;
kapulana, chitenje cha mayi a Fatima, womanga m'chiuno mwanga kuzunguliza mtengo;
alikate, ndiye kuti pulayala, yokanulira kagudumu, yomangidwa ndi kachingwe monga mwa lamulo 2.

Chingwe chokokera ndachikulunga kawiri pa thabwa lokhalira, kuti ngakhale abwere a boma onse ndi manja awo, ndisagwe.

Mwera wayamba m'mawa. Pansi boti likungogwedera pang'ono. Pamwamba ndi nkhani ina: ndikupita ku Malawi, ndikubwerera ku Mozambique, ndikupitanso ku Malawi, opanda chiphaso. 

Ndafika pansonga! Kagudumu ndikukaona ndi maso anga.

Asodzi anayi akwera m'boti, akuti alilemeretse lisagwedezeke. Onse anayi aima mbali imodzi kuti andione bwino. Mlongoti wapendekera kumadzi. Ndikufuula kuti agawikane. Onse anayi athamangira mbali inayo.

Ndaphwanya lamulo 3. Pansi panga pali madzi okhaokha, ndipo chapatali mvuu yatulutsa mutu, ikundiyang'ana ngati ikudikira chinachake.

Nditulutsa alikate. Yaterereka ndi oyilo uja. Chubwi!

Kachingwe kanali komangidwa bwino kwambiri ku alikate. Mbali inayo sindinaimange paliponse.

"Ingougwetsani, bambo a Fatima!" Ameneyo ndi mmodzi wa anayi aja. Anthu ofuna kundipha akundipatsa malangizo!

Kapulana uja wada bii ndi oyilo, ndipo ndi wa kuukwati, akutero eni ake. Ndikanadziwa bwanji? Onse ndi amaluwa.

Atsala masiku atatu. A Mjomba ayamba kudula nsichi zina za khola, dala, pafupi ndi njira yanga.

Lachisanu

Nzeru yabwera: boti likakhala pamatope silingagwedezeke. M'mawa wonse ine ndi Che Yusufu tikulikokera m'bango mpaka lakhala pansi nji. Tachedwa nazo, dzuwa lili kale pamutu.

Chida cha lero ndi sipoko ya njinga, yomangidwa mbali zonse ziwiri.

Andikweza bwinobwino. Ndamanga kapulana, poti wawonongeka kale. Ndikungoyamba kutokosa kagudumu, kumzikiti kwamveka azana, kuitanira anthu kumapemphero.

Ndaiwala kuti lero ndi Ijuma. Ife a tchalitchi timaiwala.

Che Yusufu amanga chingwe pa thabwa mfundo zitatu. "Apa simungagwe, alamu. Ndibwera pompano." Dooko lonse lapita nawo. Kwatsala ine, mbuzi ziwiri ndi khwangwala.

Kagudumu ndakakonza nthawi yosakwana kuwiritsa tiyi. Chingwe chabwerera m'malo mwake, chikuyenda myaa. Ndapambana! Woona palibe.

Kutsika sindingathe. Mfundo zili pansi, ine ndili kumwamba. Kathabwa ka mlombwa n'kolimba, miyendo yachita dzanzi, m'kapasete mutu ukupsa ngati mbatata yapamakala. Ulaliki wa lero ndi wautali. Ndikuumva wonse.

Mwadzidzidzi m'thumba mwalira foni.

Foni! Pamudzi pano redi, netiweki ya mafoni, sigwira. Kuti munthu aimbe amayenda ulendo wa ola lathunthu kukakwera chulu cha kumunda kwa a Bwanali. Ndi mlongo wanga wa ku Machinga, amene anatsalira ku Malawi ife pobwerako nkhondo itatha. Akumveka ngati ali pa kathabwa pomwepa. Tacheza za ana, za mvula, za mwendo wake. Ndasangalala, ndisaname.

Ndikutsanzika, ndiyang'ana pansi. Mzikiti wonse waima m'bango, makosi chagada.

A Mjomba: "Akamwini, kumwambako ikugwira?"

Pakamwa pangapa! Bwenzi nditati ndimayankhula ndekha chifukwa cha dzuwa. Koma ayi, ndayankha monyada: "Mizere inayi, a Mjomba!"

A Mjomba auyang'ana mtengo wawo kuyambira pansi mpaka pansonga, nthawi yaitali.

Loweruka

Ndilawirira kuti ndikweze thanga. Ndipeza mzere wa anthu kuyambira pa boti mpaka pa mtengo wa mango. Ena achokera kumidzi ya kuseri, pa njinga.

Pa chingwe cha thanga, chingwe chimene ndachivutikira sabata yonse, amangirirapo dengu. M'dengumo mafoni. Akukweza, akudikira, mafoni akulira kumwamba ngati anapiye, akutsitsa, aliyense akuwerenga uthenga wake. Kagudumu kanga kakuyenda bwino zedi. Wokoka ndi Che Yusufu. Wolandira mafoni ndi kusunga mzere ndi mayi a Fatima!

Ndikuti: "Ili ndi boti, si kampani ya mafoni!" Wina akuti: "Imani kumbuyo, bambo, tonse tikudikira."

Kenaka a Mjomba andiitanira pambali. Mawu ofewa, amene sindinawamvepo. Mwana wawo Saidi ali ku Joni zaka zisanu. Miyendo yawo siingafikenso kuchulu. Dengu silingaimbe foni, pafunika munthu akwere, aimbe, akweze mawu.

Ndikanakana bwanji?

Ndakwera. Ndaimba. Ndatambasula dzanja, foni yaloza pansi, dzanja linalo pamtengo monga mwa lamulo 1. A Mjomba akufuula kuchokera m'matope, Saidi akufuula kuchokera ku Joni, ine pakati. Kenaka pafoni pabwera kamwana, kakuti: "Anganga! Anganga!" Mdzukulu amene sanamuonepo. A Mjomba avula kofiya, akupukuta nayo m'maso. 

Inenso china chake chandilowa m'diso. Ndi mphepo ya kumwambaku.

Atatha iwo, wina. Atatha uyo, wina. Ndamva za ngongole za eni, za mimba, za mbuzi yobedwa, za mwamuna wosatumiza kanthu. Ndatsika dzuwa litapendeka, miyendo ngati si yanga.

Komabe ndachotsa dengu, ndamanga thanga, ndakoka. Lakwera! Loyera, lodzaza mwera, lokongola kuposa a ku Nacala. Ndikufuula: "A Mjomba, onani! Lisanafike Lamulungu!"

Boti silinasunthe. Lili pamatope paja ndinaliika ndekha.

A Mjomba: "Lakweradi, akamwini, mwagwira ntchito. Koma mukapita nawo pakati pa nyanja mtengowu, ife Saidi tizimupeza kuti?"

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Malaya ndilibe, ndipo benchi sindingakhalepo.

Abwera m'mawa amuna anayi aja ndi Che Yusufu. Misomali yanga yonse yazulidwa madzi a tiyi asanawire. Augwetsa mlongoti mosavuta, mwaulemu, ngati akugoneka wodwala. Ndinangoyang'ana kumbali.

Auimika pamtunda, pafupi ndi bango, dzenje lakuya mpaka m'chiuno. Redi ikugwira. Mbuzi za a Mjomba zipeza mtengo wina.

Pangano ndinalikwaniritsa, mtengo ndaluza. Mlandu umenewu ndikadandaule kwa yani, poti woweruza wake akanakhala a Mjomba omwewo?

Mmene zinthu zilili:
thanga ayanikapo matemba, akuti limaumitsa bwino;
misomali yapita ku chitseko, yokhotakhota;
nkhafi zanga zakale ndazipeza kuseri kwa nkhokwe;
kapulana watsopano ndalonjeza.

Masana a Mjomba anditumizira nkhuku yathunthu, yoyamba chikwatirireni pamudzi pano. Pamaso pa anthu anditchula "mkamwini wathu wa ku Nacala". Akuti pamudzi ponse palibe wina wodziwa kukhala pamwamba osagwa, choncho wokwera ndi ine, Lachitatu ndi Loweruka lililonse. Sanandifunse. Mayi a Fatima akuti ndisanyinyirike, anthu ena amafa osapatsidwa udindo.

Nkhukuyo ndadya. Inali yonona.

Chabwino chimodzi, mtengo wapamtunda sugwedezeka. Mawa ndipalasa ngati wina aliyense. Lachitatu ndikwera, ndipo ndikatha za eni ndidzaimbira mlongo wanga.

Che Yusufu ndawauza kale: a Mjomba akabwera ine ndili kumwamba, amange kaye mfundo, kenaka apereke manja onse awiri.