Tsiku Limene Makina Anandigwira Tayi

Anzanga, ine kudzionetsa kunandipweteketsa! Chaka chimenecho tinkasankha phungu, nthawi ya chipani chimodzi ija, ndipo ndinali nditamva pa wailesi kuti kunja mavoti amawawerenga ndi makina amagetsi. Basitu, ndinalengeza pa Kachulu ponse kuti makinawo afika kuno. Ndinkafuna kuti a Namakhwa, amalume ake a Esinati, aone kuti wofunsira mbumba yawo si wogulitsa matemba wamba, poti ukwati wathu unkangodikira mawu awo.

Tsiku lovota ndinabwereka tayi, ndinamanga bwinobwino, n'kukaima pamzere kusukulu patsogolo pawo penipeni. Nditalowa m'kachipinda kovotera ndinapeza mabokosi ali apo, lililonse ndi chithunzi cha mwini wake, koma pakona panali chinthu chofunditsidwa nsalu. Kuvundukula, chichitsulo chakuda chokhala ndi chopukusira! Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Si amenewa makina aja? Zoti pasukulupo palibe magetsi, mukuganiza kuti ndinazikumbukira?

Ndinalowetsamo kapepala kanga kovotera n'kuyamba kupukusa, ndipo kanamezedwa. Ndinawerama kuti ndione voti yanga ikuwerengedwa, dzanja likupukusabe, makina n'kumezanso tayi. Ndinati ndipukuse chobweza, ndiye kuipiraipira, chibwano chinakagunda pa inki.

"Mayo ine! Andigwira!"

Analowa wapolisi, aphunzitsi aakulu, a Namakhwa pambuyo.

"Bambo," anatero aphunzitsi aakulu, "mukufunanji pa makina athu osindikizira mayeso?"

Masiku amenewo kusokoneza chisankho sinali nkhani yoseka. Mwamwayi wapolisiyo anaseka mpaka kutsamira khoma. Anadula tayi ndi mpeni, aphunzitsi n'kutulutsa kapepala kanga katadindidwa samu zogawa za Sitandade 4. Ndinatuluka mzere wonse ukundiona, ndevu za inki, kachiduswa ka tayi kakulendewera pakhosi.

A Namakhwa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinati basi, Esinati wapita.

"Mukwatireni, poti nayenso wakakamira," anatero. "Koma mwanayu ali ndi makina osokera. Tsiku limene mudzawakhudze, mudzalongedze mphasa yanu."

Kuyambira pamenepo chilichonse chopukusa ndimachilambalala, ndipo sindidzayesanso. Mpaka lero Esinati akangoyamba kusoka, ine ndimakakhala panja, manja m'thumba.