Mmene Ndinawotchera Ampu ya Bambo

Mpaka lero ndikamva fungo la waya wopserera, mtima umandiwawa. Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa, koma poti theka la Bangwe linaona ndi maso, ndingoinena.

Bambo anga atamwalira sanasiye galimoto kapena nyumba za lendi. Anasiya gitala ndi ampu yake yokuzira mawu, yakalekale, ija ya mavalavu, timababu tagalasi timene timayaka mkati. Anaigula ali mnyamata, atangofika m'tauni kuchokera ku Nsanje, ndipo inali ndi bokosi lake la sipika imodzi. Lamlungu lililonse akabwera ku Misa ankaiyatsa, kudikira kuti itenthe, kenako n'kuwaimbira mayi nyimbo ya Amayi Maria. Mawu ake anali onona, osabaya m'khutu. Ife ana tinkaloledwa kuipukuta fumbi basi.

Patatha chaka, a mphakati wathu anakonza zobwera kunyumba kudzapemphera pokumbukira malemuwo. Mayi anandipempha chinthu chimodzi chokha.

"Ndikufuna ndiimvenso ampu ija. Ukawauze a Thomu adzaimbe nyimbo ya bambo ako."

A Thomu ndi mnzawo wa bambo, ankaimbira limodzi m'bandi kale. Anavomera. Za mawaya ndinati zisiyireni ine (ndimagulitsa machaja ndi mahedifoni ku Limbe, ndiye m'banja mwathu injiniya ndine).

Chinandipweteketsa ndi matama. Nditamva kuti kubwera anthu ambiri, ena mpaka adzakhala panja, ndinaona ngati kabokosi ka bambo katichititsa manyazi. Ndinakabwereka masipika atatu akuluakulu kwa mnzanga wina woimba m'maukwati. Kumbuyo kwa ampu kunalembedwa kuti "8 ohms". Ndinaziona, ndinaziwerenga, n'kungoti ndi nambala ya kufakitale. Ndinasenda mawaya ndi mano, n'kupotera masipika onse anayi pamodzi, ofiira kwa ofiira, akuda kwa akuda.

A Thomu atafika anayang'ana mawayawo kwa nthawi yaitali.

"Mwanawe, malemu sankaisenzetsa katundu chonchi."

"Musadandaule madala, zinthu zinasintha masiku ano."

"Kaya," anatero, n'kukhala pansi.

Titamaliza kolona, a Thomu anayamba. Mayi anatsinzina, milomo yawo ikutsatira nyimbo. Koma ine sindinakhutire. Masipika anayi ankalira mobanika, ngati munthu akuyankhula ali m'bulangeti. Munthu wanzeru akanazimitsa. Ine ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto.

Ndime yachiwiri isanathe, fungo linayamba. Ndinasuzumira kumbuyo, ndipo mavalavu aja anali psuu ngati makala a pambaula. Apa m'pamene ndinachita chopusa chachikulu. M'malo mozimitsa pakhoma, ndinagwira mawaya onse a masipika, kuphatikizapo wa bokosi la bambo, n'kuwazula kamodzi. Ampu inali chiyakire. A Thomu, maso ali chitsinzinire, anali akukhwapula gitala ndi mphamvu zonse.

Sikunaphulike kanthu ayi. Kunangomveka kuti thi, kenako kautsi kanatuluka pang'onopang'ono. Amayi a mphakati anapitiriza kuimba pakamwa (mmodzi anandifunsa pambuyo pake kuti lubani ameneyu ndinamugula kuti). Mayi anatsegula maso. Sanayang'ane ampu, anayang'ana ine, ndipo nyimbo ija sanaimalize.

M'mawa mwake ndinainyamula pamiyendo m'minibasi mpaka ku Ndirande, kwa a Likaka, mkulu wokonza mawailesi akale. Anaitsegula, anainunkhiza, n'kundifunsa zimene ndinachita. Ndinafotokoza zonse, kupatula za mano.

"Achimwene, apa alemba eyiti, eti? Ndiye kuti imafuna sipika ya eyiti. Mukalumikiza anayi mmene munachitiramo, nambalayo imatsika kufika pa thuu. Ampu imakoka mopitirira, n'chifukwa chake inatentha."

"Ndiye masipikawo ndi amene aipha?"

"Ayi, pamenepo mwina ikanapirira. Mwaipha ndinu pozula mawaya ikulira. Ya mavalavu ikasowa sipika, mphamvu imasowa kopita, imabwerera n'kuwotcha thiransifoma, kachitsulo kokulungidwa waya aka."

"Ikonzeka?"

"Nditha kukulunga waya wina, ilira ndithu. Koma mawu aja iwalani. Thiransifoma zoterezi anasiya kupanga inu musanabadwe."

Ndinalira m'minibasi, ine bambo wandevu, ampu ili pamiyendo. Kondakitala anandiyang'ana kawiri n'kundisiya. Chiyambire tsiku limenelo ndimawerenga kumbuyo kwa chilichonse, ngakhale ketulo, koma nzeruzi zinabwera mochedwa ndi tsiku limodzi.

Kunyumba ndinawapeza mayi pakhonde akusankha nyemba. Ndinagwada, n'kuwauza zonse zimene a Likaka ananena. Ndinkafuna andikalipire, mwina mtima ukanapepukako. Iwo anangopitiriza kusankha.

"Ndiibweze akaikonze, mayi? Akuti ilira, kungoti mawu adzasiyana pang'ono."

Anapukusa mutu.

"Kaibwezere pamalo pake. Mawu a bambo ako ndikadali nawo m'mutu muno. Ukandibweretsera ena, ndiiwala enieniwo."