Munthu amene anathawa dzina lake

Mu mzinda wathu wa Brăila sukanapatsa moni a Feivel Zukerman osawerengeredwa dzina. Kwa ife Ayuda chilembo chilichonse cha Chihebri chili ndi nambala yake, ndiye mkuluyu, amene ankagulitsa nsomba zamchere pafupi ndi sunagoge, ankaphatikiza zilembo za dzina lako pa zala zonunkha nsombazo n'kukuuza tsogolo usanafunse n'komwe. Ngakhale mphaka wawo anasinthidwa dzina kawiri.

Mavuto anabwera ndi mkamwini. Mwana wawo Gitel anakwatiwa ndi Nissim, Myuda wa kutsidya kwa mtsinje wa Danube. Kwawoko kutcha mwana dzina la agogo amoyo ndi ulemu waukulu. Kwa ife mwana amatenga dzina la womwalira basi, kuopa kuti mngelo wa imfa pobwera kudzatenga nkhalamba angasokoneze n'kunyamula khanda.

Gitel atabereka mwana wachiwiri wamwamuna, Nissim anafika kumsika akumwetulira.

“Apongozi, mwanayu timutcha Feivel.”

A Feivel anadzigwira pachifuwa. “Kodi ndamwalira? Bwanji simunandiuze?”

“Ayi, n'kukulemekezani. Woyamba uja tinamutcha dzina la bambo anga.”

“Nanga bambo anuwo ali bwanji?”

“Ali bwino, akudya ngati anthu awiri.”

“Ndiye kuti mngeloyo sanadziwebe kumene amakhala.”

Mutu unawaima. Kukana kunali kunyoza banja lonse la mkamwini ndi kuliza Gitel, kuvomera kunali kuika khanda pamsampha. Anawerengera mpaka zala kutopa, ndipo tsiku la mdulidwe anaimirira pamaso pa anthu.

“Dzinali mwana atenge. Ine ndalisiya. Kuyambira lero ndine Mendel.”

A rabi anawakumbutsa kuti amasintha dzina ndi munthu wodwala mwakayakaya.

“Ndikudwala, a rabi. Ndikudwala mkamwini.”

Umendel sunafike Pasaka. Atawerengeranso anapeza kuti nambala yake ikufanana ndi ya mlamu wawo amene anamira mu Danube. Anakhala Zelig, kenako Anshel, kenako dzina lina limene ngakhale eni ake ankaliiwala. Ogula nsomba ankayamba afunsa kuti, “Lero ndinu ndani?” Akazi awo, a Dvoira, ankadandaula kuti anakwatiwa ndi mwamuna mmodzi koma aphikira asanu, onsewo oliza mkonono. Wina akaiwala n'kuitana Feivel mumsewu, mkuluyu ankangoyang'ana kumwamba ngati akuona nyengo. Tinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

Feivel wamng'ono uja atayamba sukulu, anadwala chibayo m'nyengo yozizira. Dokotala anatuluka akupukusa mutu. M'mawa mwake a Feivel anavala jekete la pa Sabata, anatenga kampando n'kukakhala pakhomo pa Gitel, kunja kuli chipale chokhachokha. Aliyense wofika, ngakhale wogulitsa mkaka, ankamuimirira.

“Ngati mukufuna Feivel, ndine. M'nyumbamu mulibe wina.”

Nissim anatuluka maso ali gwa ndi kusagona. “Apongozi, lowani, muzizidwa.”

“Musandisokoneze, akamwini. Mlendo amene ndikudikirayu sachedwa kulakwitsa.”

Mwanayo anachira. Agogo ake anayamba kutsokomola, ndipo chipale chisanasungunuke tinawaika m'manda. Dokotala anati kunali kuzizira. Nissim, amene kale ankaseka zoterezi, nkhani imeneyi ikayamba amangotuluka panja.

Wosema mwala wa pamanda anabwera atasokonezeka, akufunsa kuti pa mayina onse aja alembepo liti. Gitel anaganiza pang'ono n'kunena kuti alembe onsewo, ndipo m'munsi mwake alembe kuti agogo a Feivel.

Masiku ano ana akubadwa n'kupatsidwa mayina popanda wowerengera, ndipo akukula bwinobwino. Komabe mkulu uja timawasowa, zimenezo sitibisa. Pamalo ogulitsira nsomba paja pamakhala mdzukulu uja tsopano, bambo wandevu. Ukamuitana kuti Feivel amatembenuka nthawi yomweyo n'kuyankha, ndipo ena a ife mpaka pano sitinazolowere.