Tulo ta Esinati

Lolemba

Kuchipatala akuti malungo palibe. Magazi ali bwino. Nanga mwana wanga Esinati akudwala chiyani? Mutu tsiku lililonse, maso ofiira psuu, kulira popanda womumenya. Mtsikana amene ankaimba potunga madzi mpaka aneba kudandaula, lero moni weniweniyu mpaka kumukakamiza.

Anamwino, mayi wosathamanga polankhula, amufunsa kuti amagona nthawi yanji. Ndayankha ndine, monyadira: "Ameneyu sagona, ali Folomu 4." Andiyang'ana nthawi yaitali. Akuti, "Mayi, matenda ake ndi omwewo. Mwana akapanda kugona mtima umadzaza nkhawa, nkhawazo n'kumulandanso tulo. Mugonekeni."

Mugonekeni! Ngati khanda. Chabwino, ndinkamugoneka kumsana mwana ameneyu, sindingalephere lero. Pulani ya sabata ino:

- nyali ya sola ndibise;
- beseni limene amaviikamo mapazi m'madzi ozizira kuti asasinze powerenga lichoke pakhomo pano;
- madzulo tiyi wotentha, mtima ukhale m'malo.

Pofika Lamulungu mwana akhale ataseka.

Lachiwiri

Nyali ili m'thumba la madeya. Ndikudzitama ndekha.

Masana abambo ake atsika kuphiri, kumene amanyamula katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula. Mapewa otupa, koma nkhope ili mwee. "Dokotala wathu ali kuti?" Dzina lakuti Esinati analiiwala kalekale. Chikhozereni mayeso a Sitandade 8, ndi Dokotala basi, mudzi wonse unatengera pomwepo.

Atulutsa mphatso: tochi yomanga pachipumi, mlendo wina wawasiyira. "Manja onse awiri akhale pa buku!"

Ndawakokera kuseri kuwafotokozera za anamwino. Akuti, "Adzagona akakhoza. Ine kodi ndimagona?" Zoonadi, sagona.

Lachitatu

Beseni ndabwereketsa kwa aneba, ndawauza asafulumire kubweza.

M'mamawa ndikudzuka kuti ndizipita kothyola tiyi, ndikupeza sefuliya yanga yophikira nyemba ili pansi pa tebulo, madzi tho. Mapazi awiri m'menemo! Mwini wake tochi ili pachipumi, buku lotsegula, maso ali pakhoma. Ndaima pakhomo kanthawi ndithu, tsamba silinatembenuzidwe.

Ndimafuna kukalipa za sefuliya. Koma ndayang'ana m'sefuliyamo. Mapazi ake ali mbuu, okwinyika ngati a nkhalamba.

Tsiku lonse dengu likulemera kuposa masiku onse. Akapitawo akuti ndikuthyola masamba okhwima. Sindinauze munthu, koma ndikuopa.

Lachinayi

Chatsala ndi tiyi. Dzulo ndinamuthirira masamba odzaza dzanja, wakuda bii, ndipo ndinaimirira pomwepo mpaka kapu itatha.

Poweruka ndakumana ndi anamwino aja pamsika wa Chinakanaka akugula zinanazi. Ndawafotokozera monyadira. Agwira kumutu. "Tiyi madzulo? Mayi, ameneyo ndiye amathamangitsa tulo!"

Tiyi! Amene timapatsa wodwala, woferedwa, mlendo wotopa. Ine ndimamwa n'kugona ngati chipika. Akuti chimandigoneka ine ndi dengu, osati kapu. Ndiye kuti masiku onsewa ndakhala ndikuthandizana ndi sefuliya.

Akutinso ndikhale naye pansi, ndimufunse chimene chikumudya mumtima. Ndafika kunyumba ndi mawu okonzakonza, ndamupeza akulira chifukwa cholembera chatha inki. Cholembera! Ndangomupatsa mpango.

Lachisanu

Nkhani yafika kwa achemwali anga a Fanesi, ndipo nkhani ikafika kumeneko yafika paliponse. Abwera atavala zoyera. "Mwana wosagona ndi mzimu umenewo. Lero tipita naye ku mapemphero kwathu, tichezera mpaka kuche."

Ndayesa kunena kuti vuto lake ndi kuchezera komweko. "Iwe unayamba liti kutsutsa akulu ako?" Ndagonja. Kwathu kuno mwana wa mng'ono wako ndi wako, Esinati ndi wawonso.

Mwanayo wangotenga chitenje. Akanakana, akanamenyetsa chitseko, ndikanasangalala.

Loweruka

Tabwera dzuwa litatuluka. Zotsatira zake:

- a Fanesi mawu atha, akulankhula ndi manja;
- ine ndinasinza pa benchi, anachita kundigwedeza, manyazi;
- Esinati anthu amusanjika manja mpaka tsitsi kusokonekera, aliyense akufuula kuti akhoze mayeso. Za tulo palibe amene watchula.

Masana tikuchapa kumtsinje, wayamba yekha kulankhula, osandiyang'ana. "Amayi, ndikangotseka maso ndimaona ababa akukwera phiri ndi katundu wa eni, ine nditalephera. Ndiye ndimadzuka. Koma ndikawerenga sizikulowa." Wapitiriza kutikita malaya a bambo ake. Kenako: "Ndikalephera muzidzandiitana ndani?"

Ine wopusa ndayankha msangamsanga: "Sulephera iwe." Wangogwedeza mutu n'kutola sopo. Pomwepo ndaona kuti ndamusenzetsanso katundu wina. Zandipweteka tsiku lonse.

Lamulungu

Nyali ndaitulutsa m'madeya. Beseni labwera lokha, aneba atopa nalo. Pulani yatha, palibe chimene chagwira.

Kutchalitchi abusa ali pakati pa ulaliki wautali, ndikumva cholemera paphewa. Esinati. Kukamwa yasa, malovu pa bulauzi yanga yoyera, kamkonono kapansipansi. Zimene zatikanika ine, anamwino ndi a Fanesi, abusa azitha osadziwa n'komwe.

Adikoni amene amazungulira ndi kandodo kodzutsira osinza akubwera. Ndakweza dzanja. Aima. "Mayi, m'nyumba ya Mulungu muno." Ndati, "Eya, musiyeni agone momwemo." Apita akung'ung'udza.

Nyimbo yotsekera ndaimba nditakhala pansi. Anthu atuluka, ena akutiyang'ana cham'mbali. Abambo ake asuzumira pazenera, atsegula pakamwa kuti aitane Dokotala wawo. Aona. Atsekanso, akhala pakhonde kudikira, chipewa chili pabondo.

Mkono wachita dzanzi. Njala. Nyemba sindinateleke. Mayeso akubwerabe, mwana sanaseke, ndipo za usiku wa lero kaya.

Ndamunong'oneza yankho la dzulo lija: "Ndizidzakuitana Esinati." Sanamve, ali mtulo. Ndibwereza akadzuka, koma sindimudzutsa.