Fani ya ku Bafa kwa Mabvuto

Iwe wosekawe, seka bwino, koma ukapeza bodza m'mawu anga unidule khutu ili. Fani ija ili ku bafa kwa mwana wanga Mabvuto ku Chalimbana ninaika ndine, na manja awa, ndipo pakanapanda ine ukwati wake ukanatha tsiku lomwelo.

Mabvuto agwira ntchito m'boma ku Lusaka. Anamanga nyumba ya bafa yam'kati, kawindo kang'ono ngati kabokosi ka machisi, nthunzi n'kudetsa siling'i yonse bii. Anagula fani yokoka nthunzi, ati aitane anyamata a m'tauni adzaiike. Ine mtima unawawa. Tate ali moyo? Mabvuto atangokwera basi ya kuntchito, mkazi wake amake Tiza atapita kumsika, ninakwera m'denga na sowo, mawaya na paipi yotulutsira nthunzi panja.

Mwezi wa Okutobala, pansi pa malata! Mukumva? Chimanga chimene chinali m'thumba mwanga chinayamba kuthetheka, thukuta langa linayenda pa mitanda mpaka abuluzi kusambiramo, chipewa chinapsa n'kutsala mphepete chabe, koma ine osabwerera, ninakwawa na mimba kukoka paipi mpaka kukhoma, ninaboola njerwa na chala ichi chifukwa chizulo ninaiwala pansi, n'kubwerera kudzacheka bowo pamwamba pa bafa.

Bowo lili yasa, fani ili m'manja, ninangomva chitseko kwee. Amake Tiza! Abwerako msanga, baketi ya madzi otentha m'manja, akuimba nyimbo ya kwaya, n'kukhoma chitseko.

Abale, ninaopa. Ine amene mpongozi wanga sanipatsa ngakhale madzi ataimirira, amene sitidyera mbale imodzi, nipezeke pamwamba pa bafa iye akusamba? Nikakhosomola, nidzati ninali kuchita chiyani? Nikakhala chete, ndiye mlandu woposa. Akanamanga katundu kubwerera kwao ku Palabana, Mabvuto n'kutsala yekha, ine dzina langa n'kununkha dera lathu lonse la Chongwe.

Nzeru inabwera asanamasule n'duku yomwe. Kopanda madzi munthu samasamba! Ninatsinzina, malaya n'kumanga kumaso, fani n'kuikhomera pabowo na chibakera, mawaya n'kulumikiza na mano, ndiye mukuona dzino ili n'lakuda. Fani inalira ngati chigayo. Inayamba yakoka nthunzi, kenako madzi onse m'baketi anaimirira ngati chingwe n'kulowa m'paipi, sopo anatsatira, mwala wotsukira mapazi unatsatira, nyimbo imene anali kuimba inakokedwanso anthu n'kukaimvera ku Kanakantapa, kumene kunagwa mvula yotentha ya thovu, maminibasi onse a fumbi n'kuyera mbee, chimanga n'kumera mvula yeniyeni isanabwere, ndipo ku Palabana ng'ombe zinakamidwa mkaka wonunkhira sopo mpaka aphunzitsi a zoweta a kumeneko kukanda mitu. Mukumva? Mwala uja mpaka lero sunagwe.

Amake Tiza anayang'ana baketi ili gwaa, anati, "Iyee, nanga nabwera nayo yopanda madzi?" n'kutuluka kukatunga ena.

Mpata unali womwewo. Potsikira panali pakhonde lam'kati, akananiona. Ninapuma mpweya wonse kunja mpaka kuwonda ngati bango, ninalowa m'paipi mutu patsogolo, fani n'kunilavulira panja, ninadutsa pamwamba pa mtengo wa mango, ninathyolako awiri, n'kutera pampando pabwalo mwendo uli pa unzake. Mpongozi akutuluka na baketi ananipeza nikusenda mango, anagwada n'kunipatsa moni bwinobwino. Sanadziwe kanthu, sadziwa, ndipo sadzadziwa. Ukwati uja ninaupulumutsa ndine!

Zija mumamva zoti kuyambira tsikulo akafuna kusamba amayamba wagogoda siling'i na tsache, n'kuti, "Batate, ngati muliko tsikani, nifuna kusamba," musaziikire kumtima. Mwana uja ni waulemu chabe, analeredwa bwino.