Makalata a Abwana Athawira ku Jenala

Anzanga, manyazi ndi matenda. Nditangoyamba ntchito yaulembi pa kabungwe kena kothandiza alimi pa boma, abwana anandituma kuti ndilumikize imelo yawo pa kompyuta yatsopano. Ankadikira yankho la mbewu za alimi athu, ndipo tikachedwa kuvomera, mbewuzo zikanapita boma lina, mvula nayo ili pafupi.

Katswiri wa ku Blantyre anandifotokozera pa lamya yokhwekhwereza: "Pali POP, pali IMAP. POP imakokolola makalata onse ku seva, kumene amasungidwa, pokhapokha mutachonga kabokosi. Mwamva?"

Ine: "Eya." Ndinamva chiyani? Kabokosi kati?

Poopa kuwononga yatsopanoyo, ndinati ndiyambe ndayeserera pa yakale inali pakona. Ndinasankha POP poti dzina lake n'lalifupi. Modemu, kachipangizo kolumikizira intaneti, inalira ngati mphaka wopondedwa mchira, makalata n'kuyamba kutsika, mbwee! Ndinapita kukadya ndikuyenda ngati injiniya.

Pobwera ndinachita zomwezo pa yatsopano ija. Mulibe kanthu. Kuzimitsa, kuyatsa, kugwedeza mawaya, ayi ndithu. Ndinaimbiranso katswiri uja lamya.

"Chemwali, ku seva kuno mwasesa zonse. Zili m'makina amene munayambira aja."

Kucheuka pakona, pangotsala fumbi! A Nasiyani, mayi otisesera mu ofesi, anati: "Ija? Yakwera galimoto, aipereka ku ofesi ya ku Jenala."

Ku Jenala, kopanda ndi magetsi omwe!

Abwana n'kusuzumira pakhomo: "Mwana wanga, yankho lafika?"

"Lafika, bwana, koma lapitirira."

"Lapitirira kupita kuti?"

Sanandikalipire, anangovula magalasi n'kundiitanira wakabaza kuti ndikatenge kompyuta ija. A Nasiyani anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundipatsa: "Mukaifundike, fumbi lingalowe m'makalatamo."

Pobwerera tinaimanga pakaliyala ndi malamba a chubu, ine pambuyo wapansi, nditaigwirira ngati wodwala wopita kuchipatala. Anthu m'njira: "Pepani, chavuta n'chiyani?" Ena: "Kanemayo mukaonetsa kuti, tibwere?" Ine mutu pansi, thukuta kamukamu.

Tinafika dzuwa litapendeka. Titayatsa, yankho linalimo, mbewu atipatsa, ndipo abwana anavomera pomwepo. Kenako anandiyang'ana: "Amati imelo imayenda m'mphepo. Yathuyi ndiye yoyamba kufika pa kabaza, itavala chitenje."

Kuyambira tsikulo, kompyuta imene ndaikhudza situluka pakhomo ndisanaiseche ngati wapolisi wa pa rodibuloko. Kuthamangitsa makalata wapansi, ine ayi, ndinalapa!